Mbalame za Malaya Ofiira

Ndikukumbukira nsanja yomwe ababa anamanga pakati pa munda wathu wa mpunga, kumunsi kwa Likangala, komwe mtsinje umayamba ulesi usanalowe m'nyanja ya Chilwa. Inali nsanja yopendekera, ya miyendo inayi ya bulugamu, pamwamba mabango, ndi kadenga ka udzu koti dzuwa lisakuphike bongo. Ababa luso la zomangamanga analibe, koma ukawauza choncho ankati nsanja yowongoka imagwa msanga. Ukakwerapo unkaona phiri la Chisi lili phee pakati pa madzi, ndipo mphepo ikachokera kudoko inkabwera ndi fungo la matemba owamba losakanikirana ndi la matope. Kuchokera pansanjapo kunkayenda zingwe za khonje kupita kumakona onse a munda, ndipo pazingwezo tinkapachika zitini zakale zokhala ndi timiyala m'kati. Ukakoka chingwe, munda wonse unkasokosera, mpheta n'kuuluka zonse nthawi imodzi kukatera m'munda mwa anzathu. Kuingitsa mbalame n'kumeneko: suzithetsa ayi, umangozitumiza kwa mnzako, nayenso n'kukubwezera.

Mpunga ukangotulutsa ngala, mwana aliyense wa kwathu ankasanduka mlonda. Kusukulu aphunzitsi ankatsala ndi ana a eni magolosale ndi mbuzi zobwera kudzabisala dzuwa. Enafe tinkalawirira kumunda, mame ali thoo m'miyendo, chinangwa chophika m'kansalu, n'kuyamba kukuwa kuti "Haa! Haa!" mpaka mawu kusasa. Ine ntchitoyi ndinkaida, ndinene poyera. Misundu inkandiyamwa, udzudzu unkanditsiriza, ndipo mpheta za ku Chilwa n'zopanda mwambo: ukakuwa zimayamba zakuyang'ana, n'kumaliza kaye ngala yomwe zayamba. Pabanja pathu munthu mmodzi yekha ndiye ankaikonda nsanja ija, mlongo wanga Tobiyasi, yemwe ndinapondana naye.

Tobiyasi anabadwa wamphumphu, wonenepa bwino, wa maso akuluakulu ngati a amayi. Koma anzake atayamba kuitana "mama", iye anali duu. Ukamuitana sankacheuka, mpaka tinkayesa ndi gonthi, koma amayi akangotsegula chitini cha shuga kuseri kwa nyumba, uyo watulukira. Sankakuyang'ana m'maso, ankayang'ana khutu lako kapena batani la malaya. Tsiku lonse ankatola zigoba za nkhono n'kumazindandalika pakhonde, kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono, ndipo nkhuku ikasokoneza mzerewo pakhomo pankakhala maliro. Akasangalala ankakupiza manja. Ng'oma, nthungululu ndi belu la kutchalitchi zinkamupweteka zenizeni: ankatseka makutu ndi manja n'kumadzigwedeza uku ndi uku mpaka phokosolo lithe.

Madokotala a m'mudzi sanachedwe, paja kwathu aliyense ndi dokotala pa mwana wa mnzake. Ena anati amayi anadya mazira ali ndi pakati. Ena anati ndi tsempho. Tinawoloka naye pabwato kupita kwa sing'anga wina ku Chisi, yemwe anamutema mphini pamphumi ndi pachifuwa, n'kutidyera tambala wathu wakuda. Tobiyasi anabwerako ndi zipsera, sing'anga anatsala akutokosa m'mano, vuto silinasunthe. Akuluampingo anabwera kudzamusanjika manja, koma iye sankafuna kugwidwa pamutu, moti analuma chala cha mkulu wina pakati pa pemphero. "Ameni" wa tsiku limenelo anafulumira kwambiri. Koma bodza lomwe linafala kuposa onse linali loti ababa anamukhwimira mwanayo kuti alemere. Koma abale! Chuma chonse cha ababa chinali njinga yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene. Ngati anakhwimadi, ndiye kuti sing'anga wakeyo anawabera dzuwa likuswa mtengo.

Ababa, a Nakoma, anali munthu wochepa thupi, mkamwini pamudzi pa amayi, wofatsa pagulu koma mkango pakhonde pawo. Fodya wa chingambwe anawasiyira chifuwa, ndiye asananene nkhani iliyonse yomwe ankaiona kuti ndi yaikulu ankayamba ndi "Khe-khem!", pomaliza n'kutseka ndi "Ndanena ndanena." Zambiri ankazipirira, za kukhwimazo ankangoseka. Koma panali mawu amodzi omwe sankalola kuti munthu amunenere mwana wawo: wamisala. Tsiku lina kudoko wogulitsa nsomba wina anati, "A Nakoma, wamisala wanu uja wadzuka bwanji?" Ababa anatola mlamba wowamba pamphasa ya mwini wakeyo n'kumukwapula nawo kumaso mpaka mlamba kuthetheka. Mlambawo analipira, koma kupepesa anakana. Ankati, "Mwana wanga si wamisala. Wamisala amavula. Uyu nzeru zake ali nazo, kungoti anazitsekera m'chipinda, ndiye kiyi wake sitinamupeze."

Amayi ankapemphera kosalekeza kuti Tobiyasi alankhule. Walira mvula walira matope. Anadzalankhula anzake atayamba kale sukulu, ndipo sanayambe ndi "mama" kapena "madzi" ayi. Tili pakhonde tikusenda chinangwa, tinangomva liwu la amayi lenileni, ndi ukali wake womwe: "Iwe Esinati, tseka chitseko! Kodi unabadwira m'bwato?" Ine ndinadzuka kuti ndikatseke, kenako n'kuona kuti amayi ali pambali panga pomwepo, kukamwa yasa. Mawuwo amayi anali atandinenera masiku angapo m'mbuyomo. Umu ndi momwe Tobiyasi ankalankhulira. Ankatola mawu a anthu ena, kuwasunga, n'kudzawatulutsa tsiku lomwe wafuna, ndi liwu la mwini wake. Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera; athu akagonera mwa Tobiyasi ankasasa. Anthu anamupatsa dzina loti Wailesi, ndipo dzina limeneli ababa analilola, poti wailesi chinali chinthu chamtengo chomwe iwo analibe.

Lamlungu lina kutchalitchi abusa atatiuza kuti titseke maso tipemphere chamumtima, m'kachetechete momwemo munamveka liwu la amayi: "Abusa amenewa akangolowa m'mudzi, nkhuku zimayamba kutsanzikana." Amayi anatseka maso mwamphamvu kuposa aliyense, ndipo sanawatsegule mpaka mapemphero kutha. Kuyambira pamenepo Tobiyasi ankapemphera panja, pansi pa mtengo, ine ndili mlonda wake. Ngati chikhristu changa chili ndi mabowo, chifukwa chake n'chimenecho.

Kutchalitchi ndi pamaliro tinkamuopa, koma kumunda tinaganiza kuti tatola mwayi. Ababa atamukweza pansanja koyamba, Tobiyasi anagwira zingwe zija n'kuyamba kuseka yekha. Phokoso la zitini silinkamuvuta, poti ankalipanga mwini wake. Ankakoka zingwe motsatana, osadumphako, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osatopa, osawodzera, osathawira kosambira ngati enafe. Tinamuphunzitsa kukuwa kuti "Haa!", koma iye anaona kuti n'zachibwana. Ankakuwa nkhani za kunyumba. Mawu pamadzi amayenda kutali, ndiye anthu a minda yonse yozungulira ankadziwa kuti ine ndapsereza ndiwo, kuti amayi amati mkazi wa mkulu wa mpingo amaimba ngati chule, kuti ababa anagwa ndi njinga m'khwawa pochokera kumowa. Mpheta sizinkasankha nkhani, zinkathawa basi. Chaka chimenecho mpunga wathu wa faya unacha kuposa wa aliyense, ngala zolemera zowerama, ndipo ababa ankayenda pamigula chifuwa patsogolo. Palibe mmodzi wa ife anakumbukira kuti pakhonde pathu pankanenedwanso nkhani zina, zosati za ndiwo zopserera.

Ana a lero sangazimvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo khadi lake linali lofunika kuposa ubatizo. Popanda khadi sukanalowa mumsika, sukanakwera bwato la ku Chisi. Oyang'anira zimenezi anali anyamata a chipani ovala malaya ofiira, ana omwe tinawaona akuyenda opanda kabudula, koma akavala malayawo ngakhale atsibweni awo ankawavulira chipewa. Kukamveka kuti mtsogoleri wa dziko ayendera mbewu chigawo chathu, khomo lililonse linkasonkha mphatso, nkhuku, mazira, mpunga, "mwa kufuna kwathu", anyamata ataima pakhomo ndi ndodo kuti atithandize kufunako. Tcheyamani wa nthambi yathu anali a Pensulo, mnzawo wa ababa wa kuubwana, munthu wonenepa, wolankhulira m'mphuno, yemwe ankatchula aliyense kuti "aphwanga". Masana anali a chipani, koma Loweruka dzuwa likapendeka ankabwera pakhonde pathu kudzagawana kabotolo ka kachasu ndi ababa, Tobiyasi ali chapafupi ndi zigoba zake. Munthu wondandalika zigoba ndani angamuwerengere kuti akumva?

Tsiku lake kunatentha, mpunga utatsala pang'ono kudulidwa. Ababa anali m'madzi kumapeto kwa munda akukonza mgula, ine ndili pansi pa nsanja ndikudya chinangwa changa chamasana nthawi isanakwane. Ndinaona mzere wa anthu ukubwera pamgula: kutsogolo a Pensulo, kumbuyo anyamata a malaya ofiira, ndipo pakati bwana wina wochokera ku boma, wa jekete ndi tayi, nsapato zili m'manja, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Ankayendera minda kuti aone omwe Mulungu wawadalitsa, kuti nthawi yosonkha mphatso asadzanamizire chilala. Atafika moyang'anana ndi munda wathu anaima, bwana n'kuloza ngala zathu mosirira. Pamwamba panga, pomwe panali Tobiyasi, zitini zinasiya kulira. Kenako ndinamva chifuwa chomwe ndinkachidziwa bwino.

"Khe-khem! Mbalame zenizeni si zamapikozi ayi. Mbalame ndi za malaya ofiirazi. Mpheta imadya n'kukusiyirako, koma izi zimadya mpunga, nkhuku, mazira, n'kufunanso uziombere m'manja. Ndanena ndanena!"

Mayo ine! Dambo lonse linati zii, ngakhale achule. M'munda woyandikana nafe mayi wina anaphulika kuseka, kenako anakumbukira kuti ali ndi ana, n'kusandutsa kusekako kukhala kutsokomola. Ababa anangoti kakasi m'madzimo, khasu lili m'mwamba.

"Walankhulayo ndani?" anafunsa bwana uja.

"Ndi mwana, bwana," anatero a Pensulo. "Kamwana chabe."

"Ana a kuno amatsokomola fodya?"

Bwana anayang'ana pansanja, n'kuyang'ana ababa, ndipo ababa, tsoka lawo, mantha anawakanda pakhosi nthawi yomweyo, n'kutsokomola chimodzimodzi. Bwanayo analamula kuti mawa lake mudzi wonse usonkhane pabwalo la sukulu, bambo ndi mwana asasowe.

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Panjira ya ku Zomba panali ndende ina yomwe sitinkaitchula dzina, tinkangoloza ndi mlomo. Anthu ankapita kumeneko chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, mlandu wosazengedwa, ndipo mphunzitsi wina wa kwathu yemwe anatengedwa ine ndili wamng'ono anali asanabwerebe. Madzulo amenewo amayi anakazinga chimanga cha kamba, n'kutulutsa malaya ena a ababa kuti adzavale awiri mophatikiza. Ankagwira ntchito akukalipa, misozi ikugwera m'phale.

"Pakamwa panupo, bambo a Esinati! Ndinkakuuzani ine. Khanda lili kumbuyoli mukundisiyira kuti ndilere ndi ndani?" Kenako anatsitsa mawu. "Njira ilipo imodzi. Mukanene kuti mwanayu ndi wamisala, amangobwebweta za m'mutu mwake. Boma silimanga wamisala."

Ababa anayang'ana Tobiyasi, yemwe ankandandalika zigoba zake ngati palibe chachitika.

"Bola akandimange," anatero.

M'mawa mwake bwalo linadzaza, poti tsoka la mnzako silifuna kuitanira. Landirova ya boma inaima pansi pa mtengo wa mango, itayang'ana kale kumsewu. Amayi a chipani anayamba ndi nyimbo, ng'oma ndi nthungululu monga mwa mwambo, ndipo Tobiyasi, yemwe ndinamugwira malaya kuti asathawe, anatseka makutu n'kuyamba kudzigwedeza. Nyimbo zitatha bwana analankhula nthawi yaitali za kumvera ndi kukhulupirika, kenako anaimiritsa ababa, omwe anali m'malaya awo awiri aja, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, mawu amene tinamva dzulo aja ndi a ndani?"

Ababa anavula chipewa. Ndinadziwa kuti avomera. Koma Tobiyasi phokoso likamupanikiza mawu ankamutuluka okha, ndipo anawadula ababa asanatsegule pakamwa. Liwu lomwe linatuluka silinali la ababa. Linali la m'mphuno.

"Aphwanga, makadi awa andikwana. Ndagulitsa kwa oyenda, ndagulitsa kwa ali m'mimba, kwangotsala kumanda. Mwini dzikoyu akuyesa ndalama timakokolola m'nyanja? Thiraninso pang'ono, aphwanga."

Sindinaonepo munthu wonenepa akudumpha ngati momwe anadumphira a Pensulo. "Mwamva, bwana? Mwadzimvera nokha! Ine ndinganene zimenezo, ine? Mwanayu ndi wamisala! Funsani aliyense pano!" Ndipo bwalo lonse, anthu omwe dzana lomweli ankasangalala kumva za ndiwo zanga zopserera, linayankha pamodzi ngati kwaya: "Eee, wamisala! Kuyambira kale!" Si kuti ankawakonda a Pensulo ayi. Aliyense ankakumbukira mumtima masiku omwe Tobiyasi anadutsa pakhomo pake iye akulankhula momasuka. Mkulu wa mpingo wolumidwa chala uja ndiye ankakuwa kuposa onse.

Bwana anakweza dzanja. Ndikuganiza kuti nayenso anaona kuti akapitiriza kutsegula wailesiyi, landirova imodzi siikwana. "Anene ndi bambo ake," anatero. "Ngati mwanayu ndi wamisala, nkhani yathera pano, boma silikangana ndi amisala. Ngati mutu wake uli bwino, ndiye kuti wanena zomwe anamva, ndipo anthu awiri akwera galimoto iyo."

A Pensulo anali ndi ana ambiri kuposa ife. Anayang'ana ababa ndi maso a mbuzi yomwe yaona mpeni. Amayi anali chiimire, khanda kumbuyo, kathumba ka chimanga m'manja. Ababa anawayang'ana onsewo, kenako anayang'ana pansi nthawi yaitali, akufinya chipewa chawo. Sanatsokomole. Mawu anatuluka aang'ono, onjenjemera, moti bwana anawauza kuti abwereze mokweza anthu amve.

"Mwana wangayu ndi wamisala, bwana. Mutu wake sugwira. Zonena zake musaziwerengere."

Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinalira, landirova inabwerera ndi omwe inabwera nawo. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Wa kwathu anaona makadi, ndipo mudzi wonse unapulumukira pamsana pake. Chimanga chija tinatafuna tokha panjira, koma ababa sanatapeko.

Kuyambira tsiku limenelo Tobiyasi anakhala munthu wolemekezeka. Akamadutsa, amuna okhala pabawo ankasintha nkhani n'kuyamba kuyamikira boma mokweza. Azimayi pachitsime ankasiya miseche n'kumakamba za mitambo. A Pensulo sanabwerenso pakhonde pathu. Iwo ndi ababa akakumana panjira ankapatsana moni wa apongozi, aliyense akuyang'ana kwake. Tsiku lina anatitumizira nkhuku. Ababa anati ibwezedwe, amayi anati nkhuku ilibe mlandu, ndipo tinaidya.

Chiyembekezo chathu chinali choti Tobiyasi sanamve, poti makutu anali atatseka. Panapita masiku iye akuulutsa nkhani zake zakale, ababa n'kuyamba kupezako mtima. Kenako m'mawa wina tikudula ngala ndi timipeni, ababa ali pafupi nane, liwu linachokera pansanja, lonjenjemera, koma lomveka dambo lonse: "Mwana wangayu ndi wamisala, bwana. Mutu wake sugwira." Ababa anaponya kampeni kawo n'kukhala pansi m'matope momwemo, munthu wamkulu. Ulendo uno panalibe woseka. Ine ndinalira, ndipo ndinadana ndi mudzi wonse, kuyambira a Pensulo mpaka mpheta.

Mawu amenewo anakhazikika mwa Tobiyasi kuposa ena onse. Ankawanena pansanja, pachitsime, pochokera kutchalitchi. Ababa sanamukalipirepo. Iwo anaganiza mwaulimi: munda ukamera udzu woipa, umabzalamo mbewu ina. M'mawa uliwonse ankapita pomwe Tobiyasi wakhala, kugwada pambali pake, kutsokomola mwadala kuti nkhaniyo imveke yaikulu, n'kunena mokweza: "Khe-khem! Tobiyasi ndi mwana wanga. Ali ndi nzeru. Bambo ake ananama chifukwa cha mantha. Ndanena ndanena." Anachita zimenezi chaka ndi chaka, mpaka anthu anayamba kunong'onezana kuti misala ija yasamukira kwa bambo. Tobiyasi ankangowayang'ana khutu. Anatola mitukwano ya asodzi, anatola kuitanira kwa ogulitsa zitumbuwa, anatola ulaliki wathunthu wa pamaliro, koma mawu amenewo sanawatulutsepo. Ababa anamwalira akudikira.

Lero zinthu zasintha, ati. Zipani zachuluka, malaya ali a mitundu yonse, ndipo munthu angathe kunyoza mtsogoleri pamsika n'kukagona kunyumba kwake. Tobiyasi ndi mkulu wa imvi, amakhala ndi ine. Dzina la vuto lake ndinadzalimva ndili kale ndi zidzukulu, kwa namwino wachitsikana wa pachipatala chathu chaching'ono, tsiku lomwe ndinapita naye chifukwa cha chilonda cha pamwendo. Anamuona akudzigwedeza pabenchi, n'kundifunsa za ubwana wake, kenako anati akuganiza kuti ndi otizimu. Anandiuza kuti si misala, si ufiti, si mazira. Munthu amabadwa choncho, bongo wake umangogwira ntchito mwanjira ina, ndipo ana otere akathandizidwa akadali aang'ono, ambiri amapeza njira yonenera zakukhosi kwawo. Ndinaseka mpaka misozi, namwino n'kudabwa. Ndiye kuti wa nsomba uja anakwapulidwa mwachilungamo.

Ndinamupanikiza ndi mafunso. Chimayambitsa n'chiyani? N'chifukwa chiyani amatulutsa mawu ena n'kusunga ena? Akamabwereza mawu a pabwalo aja, amangobwereza, kapena akutiuza kuti zinamupweteka? Mtsikanayo sananame. Anati ofufuza a maiko akutali apezako zambiri, koma zosadziwika zikadali zochuluka, makamaka za anthu okalamba ngati Tobiyasi. Za ana a kuno ndiye zofufuzidwa n'zochepa kwambiri, ndipo odziwa kupima vutoli ndi owerengeka, ali m'tauni. Ndalama za kafukufuku, ati, zimathamangira matenda opha msanga. Sindikutsutsa, malungo ndimawadziwa, anandilanda mwana. Koma asa! Ndalama za nsalu za zipani sizisowa, za misonkhano ya m'mahotela sizisowa. Zimasowa zikafika pofuna kudziwa chomwe chili m'mutu mwa mwana wosayankha akaitanidwa. Pamudzi pathu pompano pali kamtsikana kotseka makutu belu likalira, ndipo mayi ake auzidwa kale kuti amuna awo anakhwima. Bodza lake lomwe lija, silinakalambe n'komwe.

Chaka chathachi ndikupeta mpunga, Tobiyasi anangoti mwadzidzidzi, ndi liwu la amayi omwe tinawaika kalekale: "Esinati, bwera nalo khandalo ndiliyamwitse." Khanda lake ndi mng'ono wanga yemwe lero ali ndi zidzukulu. Mawu amenewo ndinali ndisanamumvepo akuwanena. Anagona mwa iye zaka zonsezi. Ndiye musandiuze kuti mawu omwe ababa ankamuuza m'mawa aja anatayika. Ali momwemo. Inu ophunzira, ndi inu ogwira matumba a ndalama, tatsikirani kuno ku Chilwa mudzafufuze anthu athuwa, ndipo fulumirani, poti ine ndi Tobiyasi tonse mano akutha. Pakadali pano m'mawa uliwonse ndimamupatsa tiyi wake n'kukhala pambali pake. Lero anatsegula pakamwa, ine n'kutchera khutu kuti mwina ndi mawu a ababa aja. Wanena za mpira womwe anamva pagolosale. Ababa anadikira mpaka kumanda. Ine ndinalowa m'malo mwawo, ndipo chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti kumbuyo kwanga kulibe wina wodziwa chomwe tikudikira.